Gemu Yakana Kutseguka: Tidziwe Chifukwa Chake

Ife a ku Kalomwe timakhala pa malire. Mbali ino ndi Mozambique, mbali inayo ndi Malawi. Tikaima pa msewu timaona phiri la Dedza. Magalimoto akuluakulu ochokera ku Tete amadutsa pano popita ku Lilongwe. Abale athu amene amagwira ntchito ku Joni akamabwera kumudzi amatenga katundu wosiyanasiyana. Ena amatenga wailesi, ena mafoni, ena makompyuta akale.

Ana athu amakonda masewera a pa kompyuta. Iwo amati magemu. Pali gemu ya mpira, pali ya mpikisano wa magalimoto, palinso ya nkhondo. M'misika yambiri anyamata atsegula timanyumba ta magemu, ndipo anzawo amalipira kuti asewere. Imeneyi ndi ntchito yopezera ndalama, monga chigayo kapena malo ometera tsitsi.

Tiyerekeze banja lina la kwathu kuno. Lakolola kachewere, lagulitsa matumba angapo. Mnyamata wa pa banjapo wapempha ndalama kuti ayambe ntchito ya magemu. Wagula laputopu ndi chimbale cha gemu ya mpira. Wafika kunyumba, wayatsa laputopu, koma gemu yakana kutseguka. Wayesa kawiri, wayesa katatu, osatheka.

Bambo ake afunsa kuti, "Mwanawe, kodi wogulitsa uja watibera?"

Mnyamata ayankha kuti, "Sindikudziwa, bambo. Kwa iye gemuyi imaseweredwa bwinobwino."

Ndalama za kachewere zalowa m'madzi. Komatu laputopu ndi yabwino, chimbale nachonso ndi chabwino. Nanga chavuta n'chiyani? Zifukwa zikuluzikulu zilipo ziwiri. Choyamba ndi kusagwirizana kwa gemu ndi makina. Chachiwiri ndi loko amene eni gemu amaika kuti anthu asakopere. Tiyeni tione zifukwa ziwirizi chimodzichimodzi.

Pulagi ndi soketi

Tiyambe ndi chinthu chimene tonse tachiona. Pulagi ya ku Malawi ili ndi mano atatu ophwatalala. Soketi zambiri za ku Mozambique zili ndi mabowo ozungulira. Munthu akagula ayironi ku Dedza n'kubwera nayo kuno, pulagi yake imakana kulowa. Ayironi ndi yabwino. Soketi ndi yabwino. Koma ziwirizi sizigwirizana. Kuti zigwire ntchito pamafunika adaputa.

Magetsi nawonso amasiyana. Kuno ndi ku Malawi mphamvu ya magetsi a m'nyumba ili pa mavoti 220 mpaka 230. Ku America ili pa 120, ku Japan pa 100. Makina opangidwira magetsi a ku America okha amapsa tikawalumikiza kuno. N'chifukwa chake tiziwerenga zolembedwa pa chaja. Ngati palembedwa 100-240V, chajacho chingagwire ntchito kulikonse.

Gemu ndi kompyuta zili chimodzimodzi. Gemu iliyonse inapangidwira makina ake. Ikapeza makina ena imakana, monga pulagi pa soketi yachilendo.

Kompyuta ili ndi chilankhulo chake

M'kompyuta iliyonse muli pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zonse. Pulogalamu imeneyi ili ngati kapitawo wa pa ntchito. Gemu ikafuna kuonetsa chithunzi, imapempha kwa kapitawo. Ikafuna kutulutsa mawu, imapemphanso kwa kapitawo yemweyo. Gemu payokha siingathe kuchita kanthu.

Akapitawo amenewa alipo angapo. Windows ndi wa kampani ya Microsoft ya ku America, ndipo anayamba mu 1985. Makompyuta a kampani ya Apple ali ndi wawo wotchedwa macOS. Linux anayambidwa mu 1991 ndi Linus Torvalds, wophunzira wa ku Finland, ndipo amaperekedwa ulere. Mafoni athu ambiri amayendera Android wa kampani ya Google.

Aliyense wa akapitawo awa amamva chilankhulo chake. Ife a pa malire timazidziwa bwino zimenezi. Mwana wa ku Ulongwe amaphunzira m'Chipwitikizi. Mwana wa ku Dedza amaphunzira m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Kalata ya Chipwitikizi ikafika kwa mlembi wodziwa Chingerezi chokha, iye sangathe kuchitapo kanthu. Magemu ambiri a pa kompyuta analembedwa m'chilankhulo cha Windows. Akafika kwa Linux kapena kwa macOS, pempho lawo silimveka.

Palinso kusiyana kwina kwa m'kati. Ubongo wa kompyuta ndi kachipangizo kotchedwa purosesa. Makompyuta ambiri ali ndi purosesa ya Intel kapena ya AMD. Mafoni ali ndi purosesa ya mtundu wina wotchedwa ARM. Choncho gemu ya pa kompyuta tikaiika pa memori kadi n'kulowetsa m'foni, siitseguka. Chimbale cha PlayStation nachonso sichiseweredwa pa kompyuta mwa kungochilowetsa, ngakhale kukula kwake kuli kofanana ndi zimbale zina.

Zakale ndi zatsopano

Nthawi zina gemu ndi kompyuta zonse ndi za Windows, koma zimakanabe. Chifukwa chake ndi msinkhu. Gemu yatsopano imafuna makina amphamvu. Laputopu yakale imene inagwira ntchito mu ofesi zaka khumi siingathe kusenza gemu ya mpira ya chaka chino. Zili ngati kusenzetsa njinga katundu wa pa ngolo.

Nayonso gemu yakale imavutika pa makina atsopano. Mu 2019 kampani ya Apple inatulutsa macOS Catalina, amene analeka kutsegula mapulogalamu akale a mtundu wa 32-bit. Magemu ambiri amene anthu anagula kale analeka kugwira ntchito pa makompyuta amene analandira Catalina. Pa 1 Januwale 2024 sitolo yaikulu ya magemu ya pa intaneti yotchedwa Steam inaleka kuthandiza Windows 7 ndi Windows 8. Pa 14 Okutobala 2025 Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 monga inkachitira kale. Malaputopu ambiri akale amene amafika kwathu kuno ali ndi Windows wa mitundu imeneyi.

Tikumbukirenso kuti malaputopu ambiri atsopano alibe polowetsera chimbale. Munthu angagule chimbale chokongola n'kupeza kuti alibe pochiika.

Womasulira

Kodi gemu ya Windows siingaseweredwe konse pa makina ena? Ingathe, ngati pali womasulira. Pa chipata cha Kalomwe, dalaivala wosadziwa Chipwitikizi amafuna munthu woti amumasulire. Makompyuta nawo ali ndi omasulira awo.

Womasulira wodziwika kwambiri ndi pulogalamu yotchedwa Wine. Anthu odzipereka anaiyamba mu 1993. Ntchito yake ndi kumva pempho la gemu m'chilankhulo cha Windows ndi kulinena m'chilankhulo cha Linux. Ntchitoyi inali yaikulu, moti panapita zaka 15 kuti Wine 1.0 atuluke mu 2008. Mu Ogasiti 2018 kampani ya Valve, imene ndi mwini wa Steam, inatulutsa Proton. Proton anamangidwa pa Wine, koma anakonzedwera magemu. Mu 2022 Valve inayamba kugulitsa kakompyuta ka m'manja kotchedwa Steam Deck, kamene kamayendera Linux. Lero magemu zikwizikwi a Windows amaseweredwa pa Linux kudzera mwa omasulira amenewa.

Palinso DOSBox, pulogalamu imene inatuluka mu 2002. Iyo imadzisandutsa kompyuta yakale, kuti magemu a zaka za m'ma 1980 ndi 1990 apeze malo amene anazolowera.

Koma womasulira ali ndi malire ake. Pena amaphonya mawu, ndipo chithunzi chimaoneka mosokonekera kapena mawu samveka. Pena gemu imayenda pang'onopang'ono. Vuto lalikulu koposa limabwera pamene womasulira akumana ndi mlonda. Tiyeni tsopano tione za mlonda ameneyu.

Chifukwa chiyani eni gemu amaika loko?

Kupanga gemu yaikulu kumatenga zaka zingapo. Anthu mazanamazana amagwira ntchito, ena kujambula, ena kulemba, ena kuimba. Onsewa amafuna malipiro. Koma gemu ndi yosiyana ndi thumba la chimanga. Thumba likagulitsidwa lachoka. Gemu ingakoperedwe kambirimbiri osatha, monga amachitira obena nyimbo pa msika. Munthu mmodzi akagula, mudzi wonse ungakopere.

Mlimi amamanga mpanda kuti mbuzi zisadye ndiwo za kudimba. Eni magemu nawo amaika loko kuti wosagula asasewere. M'Chingerezi loko ameneyu amatchedwa DRM. Malamulo nawo amateteza eni ntchito. Ku Mozambique kunali lamulo la umwini wa ntchito za luso la 2001, ndipo mu 2022 kunabwera lina latsopano. Ku Malawi kuli lamulo la 2016, komanso bungwe la COSOMA limene lakhala likuyang'anira za umwini kuyambira 1992.

Kuteteza thukuta la munthu ndi chinthu chabwino. Koma loko wina amatsekera kunja ngakhale mwini nyumba. Tiyeni tione mitundu ya maloko, ndi mmene amavutitsira munthu amene wagula moona mtima.

Loko wa m'buku

Kale gemu inkagulitsidwa m'bokosi pamodzi ndi kabuku. Gemu ikamayamba inkafunsa funso, monga lakuti, "Kodi liwu lachitatu pa tsamba lakutilakuti ndi liti?" Wokhala ndi kabuku ankayankha. Wokopera analibe kabuku, choncho ankalephera. Gemu yotchedwa The Secret of Monkey Island ya 1990 inali ndi kagudumu ka pepala kozungulitsa, kamene kankapereka yankho. Loko ameneyu ankafuna munthu wodziwa kuwerenga. Koma kabuku kakatayika kapena kakadyedwa ndi chiswe, wogula yemwe ankasowa chochita.

Pambuyo pake kunabwera nambala ya chinsinsi yolembedwa pa bokosi. Nambala imeneyi ndi kiyi. Magemu ambiri a masiku ano amalola kuti kiyi agwire ntchito kamodzi kokha, pa dzina la munthu mmodzi. Tikagula chimbale chimene wina anagwiritsa kale ntchito, kawirikawiri kiyi wake amakhala atatha. Tagula bokosi, koma gemu ikadali ya mwini woyamba.

Loko wa pa chimbale

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunabwera maloko otchedwa SafeDisc ndi SecuROM. Opanga ankaika zizindikiro zobisika pa chimbale chenicheni. Makina wamba obenera sankatha kukopera zizindikirozo. Gemu ikamayamba, kapulogalamu kolondera kankayang'ana chimbale. Kakapeza zizindikiro kankatsegula. Kakapanda kuzipeza kankakana.

Kapulogalamu kolondera ka SafeDisc kankalowa m'kati mwenimweni mwa Windows. Patapita zaka kunapezeka kuti akuba angathe kudzera pomwepo n'kuwononga kompyuta. Choncho pamene Windows 10 anatuluka mu 2015, Microsoft inakana kapulogalamu kameneka. Zotsatira zake zinali zakuti magemu ambiri a pa zimbale zenizeni, a zaka za m'ma 2000, analeka kutseguka. Munthu ali ndi chimbale chenicheni ndi lisiti lake, koma gemu ikukana. Ichi chingakhale chimene chinagwera mnyamata wa m'chitsanzo chathu. Wogulitsa anali ndi Windows wakale, pamene laputopu ya mnyamata inali ndi watsopano.

Maloko ena ankawerenga kuti gemu yaikidwa kangati. Gemu yotchedwa Spore ya 2008 inkalola kuikidwa katatu kokha. Ogula atadandaula kwambiri, kampani ya Electronic Arts inakweza chiwerengerocho kufika pa kasanu.

Loko wa malire

Ife timadziwa kuti munthu sadutsa pa chipata popanda chiphaso. Zimbale za DVD nazo zinapatsidwa malire. Makampani a mafilimu anagawa dziko lapansi m'zigawo 6. South Africa ili m'chigawo 2 pamodzi ndi Ulaya ndi Japan. Mozambique, Malawi ndi Zambia zili m'chigawo 5. America ili m'chigawo 1. Choncho filimu yeniyeni yogulidwa m'sitolo ku Johannesburg ingakane pa makina a chigawo 5. Makina ambiri otsika mtengo a pa msika salabadira zigawo, koma polowetsera DVD pa kompyuta pamalabadira. Pamalola kusintha chigawo kasanu kokha, kenaka pamakhazikika pa chigawo chomaliza.

PlayStation 2, imene inatuluka mu 2000, ilinso ndi malire. Chimbale cholembedwa PAL ndi cha makina a ku Ulaya ndi ku South Africa. Cholembedwa NTSC ndi cha ku America kapena ku Japan. Chimbale cha NTSC chimakana pa makina a PAL. Zimbale za PlayStation 4 ya 2013 zilibe loko wotere. Zilembo zimenezi zimalembedwa pa bokosi. Wodziwa kuwerenga amaziona asanatulutse ndalama.

Loko wa pa intaneti

Masiku ano maloko ambiri amadalira intaneti. Gemu imalankhula ndi kompyuta yaikulu ya eni ake, imene ili kutali, kuti ipemphe chilolezo. Mu 2010 kampani ya Ubisoft ya ku France inatulutsa Assassin's Creed II ya pa kompyuta. Gemuyi inkafuna intaneti nthawi yonse, ngakhale munthu akusewera yekha. Netiweki ikaduka, masewera ankaima. Makina a kampaniyo atavuta, ogula ambiri analephera kusewera. Mu 2012 Ubisoft inalengeza kuti yasiya loko wa mtundu umenewu pa magemu a munthu mmodzi.

Mu 2014 kunabwera loko wina wotchedwa Denuvo, wochokera ku Austria. Gemu ya mpira ya FIFA 15 inali imodzi mwa zoyamba kukhala naye. Denuvo amazindikira kompyuta imene gemu yaikidwamo, ndipo nthawi ndi nthawi amafuna intaneti kuti atsimikize. Amalola makompyuta asanu okha pa maola 24. Pa Linux, munthu akasintha mtundu wa Proton, Denuvo angaganize kuti imeneyo ndi kompyuta ina. Wosintha kasanu pofuna kuti gemu iyende bwino amatsekeredwa kunja mpaka mawa lake.

Loko wotere amatipweteka kwambiri ife a kumudzi. Netiweki yathu imabwera ndi kupita. Pano pa malire foni imatha kugwira Movitel kapena Vodacom m'mawa, masana n'kugwira Airtel kapena TNM. Bandulo ndi yodula. Komanso magemu ambiri atsopano sakwanira pa chimbale. Chimbale chimangokhala chiyambi, ndipo mbali yaikulu imafunika kutengedwa pa intaneti. Gemu imodzi yaikulu ingafune magigabaiti 50 kapena kuposa.

Palinso choopsa china. Eni gemu angathe kutseka makina awo. Ubisoft inatulutsa gemu ya magalimoto yotchedwa The Crew mu 2014. Pa 31 Marichi 2024 inatseka makina amene gemuyo inkadalira, ndipo onse amene anagula analephera kusewera. Anthu anakwiya. Anayambitsa gulu lotchedwa Stop Killing Games, ndipo mu 2025 anthu oposa 1 miliyoni a m'mayiko a European Union anasaina pempho lakuti pakhale lamulo loteteza ogula.

Mlonda wogwira achinyengo

Magemu amene anthu amapikisana pa intaneti ali ndi mlonda wina. Ntchito yake ndi kugwira obera masewera. Mlonda ameneyu amalowa m'kati mwenimweni mwa Windows kuti aone zonse zochitika. Akapeza kuti gemu ikulankhula kudzera mwa womasulira, amakayika ndipo amatseka chitseko.

Mu 2022 Electronic Arts inaika mlonda wotere mu FIFA 23, ndipo gemuyo inakana kuseweredwa pa Linux. Magemu a mpira a kampaniyo amene anatsatira, otchedwa EA Sports FC, anachitanso chimodzimodzi. Mu Seputembala 2024 eni a Grand Theft Auto V anaika mlonda wotchedwa BattlEye, ndipo osewera a pa Linux anatsekeredwa kunja kwa masewera a pa intaneti. Apa womasulira sanalakwe kanthu. Mlonda ndiye wakana.

Chikomekome cha mkuyu

Wina anganene kuti, "Nanga bwanji osangotenga gemu yothyoledwa loko? Pa msika amaika pa fulashi ndi ndalama zochepa." Zoonadi magemu otere alipo ambiri. Koma akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Choyamba, kugulitsa ntchito ya munthu wina popanda chilolezo ndi kuphwanya lamulo, kuno ndi ku Malawi komwe. Chachiwiri, sitidziwa amene anathyola lokoyo, ndiponso sitidziwa chimene anaikamo. Magemu ambiri othyoledwa amabwera ndi mavairasi. Vairasi ingabe mapasiwedi athu. Ingatseke zithunzi ndi makalata athu n'kumafuna dipo. Ingathenso kugwiritsa ntchito kompyuta yathu mobisa mpaka kutentha. Fulashi imene yalowa m'makompyuta ambiri imafalitsa vairasi monga mmene chidebe chakuda chimaipitsira chitsime.

Pa foni ngozi ndi yaikulu koposa. Ambiri a ife timasunga ndalama pa M-Pesa, e-Mola, Airtel Money kapena Mpamba. Gemu yochokera kosadziwika ikapempha chilolezo chowerenga mauthenga athu, tikane. Gemu ya mpira ilibe chochita ndi mauthenga a ndalama.

Njira zabwino zilipo

Si magemu onse amene ali ndi loko. Mu 2008 kampani ya CD Projekt ya ku Poland inatsegula sitolo ya pa intaneti yotchedwa GOG. Sitoloyi imagulitsa magemu opanda loko, ndipo akale imawakonza kuti ayende pa makina atsopano. Wogula angasunge gemu yake pa fulashi ndi kuiika popanda intaneti.

Palinso magemu amene eni ake amawapereka ulere ndi kulola kuti tigawane. SuperTuxKart ndi mpikisano wa timagalimoto. GCompris, imene inayamba mu 2000, imaphunzitsa ana zilembo, kuwerengera ndi kugwiritsa ntchito kompyuta. Iyo ilipo m'Chipwitikizi ndi m'Chingerezi. Magemu awiriwa amayenda pa Windows, pa Linux ndi pa Android, ndipo akaikidwa angaseweredwe popanda intaneti. Kukopera amenewa si kuba.

Wogula pa Steam adziwe kuti angabwezeredwe ndalama ngati apempha masiku 14 asanathe, ndiponso ngati sanasewere kupitirira maola awiri. Wogwiritsa ntchito Linux angayambe waona pa tsamba la ProtonDB, pamene osewera amalemba magemu amene akuyenda ndi amene akukana.

Tisanagule tichite izi

Akulu anati safunsa anadya phula. Tisanatulutse ndalama, tiyambe tadziwa makina athu. Kodi muli Windows, Linux kapena macOS? Ngati ndi Windows, ndi wa nambala yanji? Kodi muli polowetsera chimbale? Tilembe mayankho pa pepala ndi kupita nalo ku msika.

Kenaka tiwerenge bokosi. Tifunefune mawu a Chingerezi akuti System Requirements, kapena a Chipwitikizi akuti Requisitos do Sistema. Pamenepo amalemba makina amene gemu ikufuna. Tionenso ngati palembedwa kuti pakufunika intaneti. Ngati ndi chimbale cha PlayStation 2, tione ngati ndi PAL kapena NTSC. Ngati zilembo zatikanika, tipemphe mnzathu atiwerengere. Palibe manyazi pofunsa.

Tifunse wogulitsa mwaulemu kuti, "Achimwene, kodi kiyi wa gemuyi anagwirapo kale ntchito? Kodi ikakana mudzandibwezera ndalama?" Chabwino koposa ndi kupita ndi laputopu yathu ndi kuyesa pomwepo. Tisakhutire ndi kuona gemu ikuyenda pa makina a wogulitsa. Tizimitse intaneti ndi kuyesanso, kuti tione ngati idzayenda kumudzi. Pomaliza tipemphe lisiti ndi kulisunga pamodzi ndi bokosi.

Makolo, mwana akapempha ndalama za magemu, tikhale naye pansi. Timufunse mafunso amenewa. Ngati akufuna kutsegula kanyumba ka magemu, awerengere mtengo wa magetsi, wa bandulo ndi wa kukonzetsa makina. Afunsenso ngati eni gemu amalola kuti gemu yawo ikhale ya malonda, pakuti magemu ambiri amagulitsidwa kuti aseweredwe pa nyumba pokha. Ndalama ya kachewere imabwera ndi khasu, feteleza ndi thukuta la miyezi yambiri. Isathere pa chimbale chimene sichitseguka.

Mawu oti tikumbukire

Gemu. Kompyuta. Chimbale. Pulogalamu. Womasulira. Loko. Kiyi. Vairasi. Lisiti.

Mafunso okambirana

1. Tchulani zifukwa ziwiri zimene zimachititsa gemu kukana kutseguka.

2. Kodi Wine ndi Proton amagwira ntchito yanji?

3. N'chifukwa chiyani magemu ena a pa zimbale zenizeni analeka kutseguka mu 2015?

4. Kodi Mozambique ili m'chigawo chiti cha DVD? Nanga South Africa?

5. Kodi gemu yothyoledwa loko ingabweretse mavuto otani pa foni imene timasungira ndalama?

6. Lembani mafunso atatu amene mungafunse wogulitsa musanagule gemu.